Photoshop Ikamakwawa pa Laputopu

Ndimajambula zithunzi za maukwati, ndipo laputopu yanga inkangouma ndikatsegula zithunzi zambiri za RAW (mafayilo aakulu osakonzedwa ochokera mu kamera) mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi. Ndinayambira pa fani. Inali itadzaza fumbi, choncho makina ankatentha n'kudzichepetsera okha liwiro. Ichotseni fumbi, ndipo musamagwirire ntchito pabedi, bulangete limatseka mpweya.

Kenako, mu Photoshop, lowani mu Preferences, pa Performance. Mukapanda kusintha, Photoshop imadzitengera 70% ya RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito pulogalamu ikamayenda). Ine ndinakweza kufika 80%, nditatseka kaye mapulogalamu ena. Pa Scratch Disks (malo a pa disiki omwe Photoshop imagwiritsa ntchito RAM ikachepa) sankhani disiki yomwe ili ndi malo ambiri.

Koma chimene chinandipulumutsa ndi kuchotsa hard disk yakale n'kuikamo SSD (disiki yothamanga kwambiri), RAM n'kuifikitsa 16GB. Ndalama imeneyo sindiidandaula ngakhale pang'ono. Chaja ikhale cholumikiza mukamakonza zithunzi, chifukwa pa batire pokha liwiro limatsika.