Momwe mungajambulire bandi yonse pakamodzi ndi zipangizo za pakhomo

Laputopu, mikisa yomwe bandi imagwiritsa kale ntchito, mamaikolofoni atatu kapena anayi, ndi interface (kachipangizo kolowetsa mawu mu laputopu) ya mapulagi awiri ngati Behringer UMC202HD kapena Focusrite Scarlett 2i2: izi n'zokwanira. Chofunika kudziwiratu n'chakuti mawu onse alowa m'njira ziwiri zokha, choncho mukamaliza simudzathanso kutsitsa gitala payokha kapena kukweza woyimba. Kusakaniza mawu kumachitikira m'chipindamo musanayambe kujambula.

Yambani ndi chipinda. Imani pakati, ombani m'manja kamodzi. Mukamva kulira kotsalira, ndiye kuti makoma akubweza mawu. Imikani matiresi m'makona, pachikani mabulangete pamazenera, yalani kapeti pansi pa ng'oma. Ngati denga ndi la malata opanda siling'i, pewani mvula komanso dzuwa la masana, chifukwa malata akatentha amathetheka ndipo maikolofoni imatola zonsezo.

Tsopano kaimidwe ka anthu, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Ng'oma ndizo zaphokoso kwambiri, ziikeni kumapeto kwa chipinda. Woyimba aime mbali inayo moyang'anizana ndi ng'omazo. Maikolofoni ngati Shure SM58 imamva kutsogolo, kumbuyo kwake imamva pang'ono, ndiye kumbuyoko kuloze ku ng'oma. Pakamwa patalikirane ndi maikolofoni ngati zala ziwiri zokha. Oyimba akakhala angapo, mtunda wa pakati pa mamaikolofoni awo ukhale katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi mtunda wa pakamwa ndi maikolofoni, apo ayi mawu amamveka opyapyala ngati akuchokera m'paipi.

Besi ndi kiyibodi zilowe mwachindunji mu mikisa. Ampu ya gitala itsitsidwe, iyang'ane ku matiresi, maikolofoni yake ikhale pafupi ndi sipika. Masipika akuluakulu azimitsidwe. Amene akufuna kudzimva avale mahedifoni. Panjira ya woyimba aliyense pa mikisa dinani batani la low cut, lomwe limadula mawu otsika kwambiri, kuti mdidi wa mapazi usalowe.

Mawu a mikisa alowe pa pulagi yoyamba ya interface, ndipo pa yachiwiri mulumikize maikolofoni imodzi ya ng'oma, yolendewera pafupifupi mita imodzi pamwamba pa ng'oma yaing'ono yotchedwa snare. Mukatero ng'oma mudzatha kuzikweza kapena kuzitsitsa pazokha. Ngati maikolofoniyo ndi ya mtundu wa condenser, imafuna kuti muyatse batani la 48V. Samalani: pa ma interface ambiri ang'onoang'ono batanili limatumiza magetsi ku mapulagi onse awiri a XLR (olumikizira maikolofoni), choncho mikisa ilumikizeni ndi waya wa jack.

Pulogalamu yojambulira mawu pa laputopu ya Audacity ndi yaulere. Sankhani njira ziwiri zojambulira ndi 48000 Hz. Uzani bandi iyimbe gawo laphokoso kwambiri la nyimboyo, inu muzisintha gain (mphamvu ya mawu olowa) mpaka mawu azifika cha pa -12 dB. Kanyali kofiira kakayaka, mawu asweka, ndipo osweka sakonzeka. Siyani mpata ndithu, chifukwa woyimba ng'oma amamenya mwamphamvu kwambiri nyimbo ikamukoma kusiyana ndi poyeserera.

Mukamva kaphokoso kong'ung'udza pamene aliyense ali chete, nthawi zambiri ndi magetsi, omwe kuno amayenda pa 50 Hz. Zulani chaja kuti laputopu iyendere batire. Kakapitirira, lumikizani zipangizo zonse pa soketi imodzi ndipo mawaya a mamaikolofoni asagone pamodzi ndi a magetsi. Zimitsani firiji ndi fani, mafoni onse akhale pa flight mode. Ngati mukudalira jenereta, ikakhale kuseri kwa nyumba.

Jambulani mphindi imodzi, nonse mumvetsere. Gitala ikaphimba woyimba, tsitsani gitalayo, musathamangire kukweza woyimba. Bwerezani mpaka zikhale bwino, ngakhale kasanu. Kenako jambulani nyimbo yonse katatu osaima pakati pa zolakwika zing'onozing'ono, ndipo pomaliza aliyense akhale chete masekondi asanu kuti kulira kwa zinganga kuthe kokha.

Sankhani yabwino, igaweni ndi Split Stereo to Mono, linganizani ng'oma ndi mawu enawo, aphatikizeni ndi Mix and Render, kenako chitani Normalize pa -1 dB. Sungani ngati WAV ya 24-bit, yomwe ikakhala ya stereo imadya pafupifupi 17 MB pa mphindi, ndipo muikopere pa fulashi. MP3 yotumiza pa WhatsApp muipange kuchokera pa WAV imeneyo.