Ma prawn akhala mufiriji: mudziwa bwanji ngati akadali abwino?

Amalawi ambiri ma prawn, tizamoyo ta m'madzi tokhala ndi chigoba ngati nkhanu, tinawadziwira kuno ku Johannesburg, ena m'makhitchini a mabwana, ena m'malesitilanti. Ine ntchito yanga ndi yophika, ndiye anzanga amandiimbira: "Achimwene, madamu andipatsa ma prawn, akhala mufiriji kuyambira Lachisanu, ndidye?"

Ngati mukuopa kuwadya poti ndi akufa, kufa kwawoko kusakudetseni nkhawa. Nyanja ya mchere ili kutali ndi mzinda uno, makilomita oposa 500, choncho pafupifupi onse amafika kuno atafa kalekale, ali gwa ndi ayezi, kuchokera ku Mozambique kapena kumayiko a ku Asia. Chofunika kudziwa n'chakuti asungunuka liti, ndipo akhala pozizira bwanji.

Aawisi asapitirire tsiku limodzi kapena awiri mufiriji, nayo izizizira 4°C kapena kutsika apo. Ophika kale amafika masiku atatu kapena anayi. Ngati simuphika msanga, aikeni mu freezer, pa -18°C amakhala miyezi ingapo. Ine ndisanasunge ndimayamba ndadula mitu, chifukwa zam'mimba zake zili kumutuko ndipo kuola kumayambira komweko. Kenako ndimawaika m'mbale yotseka, pashelefu ya pansi penipeni, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina.

Musanaphike, nunkhizani kaye. Abwino amangomveka kafungo ka madzi a mchere. Mukamva fungo loswa mphuno ngati la mkodzo, kapena lowawasa, tayani osaganiza kawiri. Kenako tengani imodzi, muifinye pakati pa zala. Mnofu uyenera kukhala wolimba. Ikamaterera ngati therere, mnofu uli phwetephwete, mutu ukungothothoka wokha, yatha imeneyo. Timadontho takuda pamutu ndi pachigoba patokha si poizoni, koma tikukuuzani kuti masiku apita, ndiye onetsetsani zinazo bwino.

Nkhani ya magetsi ndiye imandipweteka mtima, chifukwa anthu amawerenga masiku n'kuiwala maola amene firiji inali chete. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi okha. Ngati magetsi anazima usiku wonse, ma prawn aawisi amene anali mmenemo musadye, ngakhale akuoneka bwino. Chimodzimodzinso amene akhala panja maola oposa awiri, kaya patebulo kaya m'jumbo muli mu taxi masana a December.

Posungunula, asiyeni mufiriji usiku, kapena amizeni m'madzi ozizira ali m'pulasitiki yomanga bwino. Padzuwa ayi. Phikani mpaka mnofu uyere mpaka mkati ndipo chigoba chifiire. Moto umapha majeremusi monga Vibrio amene amapezeka m'zakudya za m'nyanja, koma poizoni amene majeremusi ena amasiya m'chakudya chowonongeka satha ndi moto. Peri-peri, adyo ndi mandimu zimangobisa fungo basi. Ndikudziwa kuti ndiwo zodula chonchi kutaya kumawawa, komabe chonde musapatse ana, amayi oyembekezera kapena odwala ma prawn amene mukukayika nawo.

Wina akadya n'kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, amwe madzi ambiri ndi thanzi ORS. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena thupi latentha kwambiri, pitani kuchipatala. Milomo ikatupa kapena akamabanika, thupi lake ladana nawo ma prawn, ndipo pamenepo thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.