Chigubu cha madzi akumunda chisamalireni ngati khasu

Alimi anzanga, tikamakonzekera ulimi timayang'ana ngati mpini wa khasu uli wolimba, timanola chikwanje, timasungiratu mbewu ndi feteleza. Koma chiwiya chimene timapita nacho kumunda tsiku ndi tsiku, chotengera madzi akumwa, ambiri sitichiganizira. Timangotola chilichonse chimene chili pafupi.

Ndikamayendera minda nthawi ino ya kusosa ndi kuunga mizere, zimene ndimapeza pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa munda zimakhala zofanana pafupifupi paliponse. Chigubu cha malita 5 chimene munali mafuta ophikira, chivindikiro chake chinasowa kalekale, pakamwa anatsekapo ndi chitsononkho chokulunga m'jumbo. Mukachipendeketsa n'kusuzumira, m'makona a pansi muli ndere, ndipo mkati mwa chogwirira, momwe nsalu siifika, mwada bii. Madziwo anatungidwa pamjigo ali oyera bwinobwino, mwinanso mayi anathiramo WaterGuard, koma akuwonongekera m'chigubumo. Madzulo mwana akayamba kutsegula m'mimba, timaloza chala mjigo.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa madzi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, ndipo kuchigwa cha Shire, monga ku Ngabu ndi ku Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wolima padzuwa lotere amatha kutaya lita imodzi ya madzi pa ola kudzera m'thukuta. N'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza wogwira ntchito yakalavulagaga potentha kuti azimwa kapu imodzi, pafupifupi mamililita 250, pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira kuti kukhosi kuume. Werengani nokha: maola anayi a dzuwa akufuna malita atatu kapena anayi munthu mmodzi. Kabotolo ka theka la lita kamene ena amalawirira nako kamatha dzuwa lisanakwere n'komwe.

Vuto lake n'lakuti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye simungalime mutanyamula malita 5 pathupi. Ine ndimalangiza zotengera ziwiri. Chachikulu, cha malita 5 kapena 10, chikhale pamthunzi. Chaching'ono, cha lita imodzi kapena imodzi ndi theka, chiziyenda nanu, muzichidzazitsa kuchokera m'chachikulu chija. Ndaona kuti madzi akakhala kutali, munthu amangoti ndimalize kaye mzere uwu, kenako wina, mpaka mutu kuyamba kuwawa. Akakhala pambali panu mumamwa osaganizira.

Tsopano nkhani ya pakamwa pa chotengeracho, imene ndikufuna tiikhalire pansi. Chimene chimaipitsa madzi kwambiri ndi manja. Ndowa yotsegula, kapu ikuyandama pamwamba, aliyense wochokera kuchitsamba kapena wogwira manyowa akupisamo zala: madzi otere sachedwa kusanduka matenda. Zimenezi zinayesedwa m'dziko mwathu momwe muno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kumsasa wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje, kumene kunkakhala abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, ofufuza anapeza kuti madzi ankatuluka pachitsime ali abwino koma ankaipa manja akangowakhudza. Mabanja ena anapatsidwa ndowa za malita 20 zokhala ndi chivindikiro ndi kamlomo kothirira, zoti dzanja silingalowemo. Tizilombo ta m'chimbudzi m'madzi awo tinachepa ndi 69 peresenti, ndipo kutsegula m'mimba pakati pa ana osakwana zaka zisanu kunatsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sanathiremo mankhwala aliwonse. Anangosintha kapangidwe ka ndowa. Ife amene tinaona mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700 sitiyenera kuuzidwa kawiri.

Ndiye sankhani chokhala ndi pakamwa poti dzanja silingalowe, koma pasachite kuchepetsetsa mpaka kaburashi kapena kansalu komangirira ku kamtengo kulephera kulowa. Poti zala ziwiri kapena zitatu zikwane ndiye pabwino. Botolo losalala mkati, lopanda makona ndi mizere yambiri, limatsukika mosavuta kuposa chigubu chokhala ndi chogwirira champhako mkati. Chivindikiro chikhale chopota, chothina bwino. Chifukwa choti chivindikiro ndicho chimayamba kusowa, chimangirireni ku khosi la botolo ndi kachingwe: zunguliritsani kachingweko pachivindikiro n'kumata, osaboola pamwamba, chifukwa kabowo kameneko kamalowetsa fumbi ndi nyerere. Ngati mukumwa anthu angapo, monga tsiku la aganyu, madzi athiridwe m'kapu ya aliyense. Kupatsirana botolo pakamwa ndi pakamwa tikusiye, ngakhale ndikudziwa kuti n'kovuta kukaniza mnzako amene ludzu lamugwira.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera. Chigubu kapena botolo limene munali mankhwala opopera mbewu, kaya a thonje, a tomato kapena a ntchemberezandonda, musamweremo, ngakhale mutalitsuka kakhumi. Pulasitiki imamwa mankhwalawo ndipo imawatulutsa pang'onopang'ono m'madzi. Mankhwala akatha, tsukuluzani katatu, madzi otsukuluzirawo muwathire mu sipuleya, kenako libooleni pansi kuti wina aliyense asadzalitole n'kutungiramo. Chimodzimodzi zigubu za dizilo, parafini ndi oyilo. Palinso ngozi yobwerera chakumbuyo: kugawana mankhwala m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mwana akaona botolo lotere pamthunzi sadziwa kuwerenga, amangomwa. Botolo la madzi akumwa limangeni kansalu kowala pakhosi, aliyense pabanjapo alidziwe, ndipo lisamakhale malo amodzi ndi mankhwala.

Mukatembenuza botolo, pansi pake mumapeza kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala. Nambala 2 ndi 5 ndi pulasitiki yolimba imene ingakutumikireni nthawi yaitali, malinga ngati munali zakudya kapena zakumwa. Nambala 1 ndi ya mabotolo owonekera mkati a madzi ndi zakumwa za m'golosale. Ndi opepuka koma sapirira: madzi otentha amawakwinyitsa, choncho madzi owiritsa ayambe azizira musanathiremo. Botolo likakandikakandika kapena kuchita mbuu, lapuma ntchito.

Madzi ofunda samweka, ndipo mlimi akawalawa amangowasiya. Apa tibwereke nzeru ya mtsuko. Madzi a mumtsuko amazizira chifukwa dothi limatulutsa chinyezi kunja, chinyezicho chikamauma chimachoka ndi kutentha. Botolo la pulasitiki kapena lachitsulo silichita thukuta chotero, koma mukhoza kulisokera chovala. Dulani chiguduli, bulangete lakale kapena thaulo, kulungani botolo mothina, sokani ndi singano yosokera matumba, musiye khosi ndi chivindikiro poyera. Sokosi yaikulu ya thonje imakwananso bwino pa botolo la lita imodzi. Mukafika kumunda nyowetsani chovalacho, pachikani botolo panthambi pamene pakupita mphepo, osati kuliika pansi pomwe dothi likutentha. Chikauma nyowetsaninso, madzi onyowetsera angakhale a m'dimba, bola asafike pakamwa pa botolo. Asilikali a m'mayiko ambiri akhala akukuta mabotolo awo ndi nsalu yokhuthala pa chifukwa chomwechi. Njirayi imagwira bwino m'chilimwe pamene mpweya uli wouma, koma m'dzinja mphamvu yake imachepa. Chovalachi chimatchinganso kuwala, ndiye ndere sizimera msanga. Pochisoka siyani kotsegula ndi kachingwe kokokera, kuti muzichivula pochapa.

Pachovala chomwecho sokeranipo lamba. Akhale wotambalala ngati zala zitatu. Chingwe chopyapyala chimacheka phewa ndipo mudzachitaya tsiku lachiwiri. Nsalu ya chitenje yopinda kanayi kapena lamba wa chikwama chakale amachita bwino. Muvaleni mopingasa pachifuwa, botolo likhale chakumbuyo kwa nthiti kuti lisamagundane ndi mpini mukawerama. Amayi obereka mwana kumbuyo angalisiye kumapeto kwa mzere umene akulima, n'kumalisuntha. Anyamata a kabaza ndi opita kumsika panjinga alimangirire pa felemu ndi malegeni, pamalo poti dzanja lifikepo akangoima, m'malo molikwirira pansi pa katundu pakeliyala. Ana abusa nawonso apatsidwe lawo, chifukwa ndi amene amagwada n'kumwa pa zithaphwi zomwe ng'ombe zikupondamo.

Za chipanda cha makolo athu anthu amandifunsa kawirikawiri. N'chopepuka, khosi lake n'laling'ono, ndipo sichifuna ndalama. Chovuta chake ndi mkati, momwe ndi mokakala moti nkhungu imagwira msanga. Amene ali nacho achigwiritse ntchito, koma chisagone ndi madzi, ndipo chiziyanikidwa padzuwa mpaka kuuma gwa.

Thobwa likhale ndi botolo lakelake. Limasiya utoto wa ufa m'mbali, umene ndi chakudya cha tizilombo, komanso likamasasa limafufumitsa botolo lotseka kwambiri. Musalisunge m'chiwiya cha malata, pakuti kuwawasa kwake kumadya chitsulo. M'thumba mwanu musasowe paketi ya Thanzi ORS. Mkodzo ukachepa n'kuda, mutu ukuwawa, miyendo ikukokana kapena chizungulire chikubwera, khalani pamthunzi, sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimwa pang'onopang'ono. Koma mnzanu akayamba kubwebweta, thupi likutentha kwambiri, kapena akakomoka, muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Wokomoka musamumwetse kanthu.

Madzi othira m'botolo akhale owiritsa kapena othira klorini potsatira muyeso umene walembedwa pabotolo la mankhwala kapena umene alangizi a zaumoyo a m'dera lanu anakupatsani, ndipo padutse mphindi 30 musanamwe. Ndi bwino kuchita zimenezi m'ndowa yaikulu kunyumba usiku, m'mawa n'kumangodzaza.

Mukaweruka, madzi otsala thirirani mbewu za pakhomo. Ikani madzi pang'ono ndi sopo m'botolo, onjezani kadzanja ka mpunga wosaphika kapena timiyala tosalala, tsekani, khutchumulani mwamphamvu. Mchenga ambiri timaukonda, koma umakanda pulasitiki ndipo m'mikwingwirimamo ndi momwe litsiro limabisala. Mizere ya chivindikiro itsukeni ndi mswachi wakale wosungira ntchito yomweyi. Tsukuluzani, kenako vundikirani botolo chozondotsa pathandala, chivindikiro chili padera, ligone likuuma mpaka m'mawa.