Mmene mungapimire malo enieni a quasar ndi madishi a wailesi

Choyamba muziike m'mutu kuti pa ntchitoyi simupima ngodya ayi, mumapima nthawi. Mafunde a wailesi ochoka ku quasar (pakati powala kwambiri pa mlalang'amba wakutali zedi) amafika kaye pa dishi imodzi kenako nkufika pa inzake, ndiye kuchedwa pang'ono kumeneko ndi komwe kumakuuzani kuti chinthucho chili pati kumwambako. Njirayi, yopima ndi madishi otalikirana kwambiri nthawi imodzi, ndi ija amati VLBI. Madishi akatalikirana kwambiri mpamene muyeso umatuluka wakuthwa, taonani VLBA ya ku America, madishi 10 a mamita 25 iliyonse, kuchoka ku Mauna Kea ku Hawaii mpaka ku St. Croix, mtunda wopitirira makilomita 8,600. Pa mtunda ngati umenewo kuchedwako sikufika ndi ma millisecond 30 omwe, koma inu mukufuna kukudziwa mpaka pa ma picosecond makumi ochepa chabe, ndipo mu picosecond imodzi kuwala kumangoyenda 0.3 mm basi.

Yambani ndi kusankha gwero, ndiye kuti quasar yomwe mulozeko madishi. Apa ambiri amathamangira lowala kwambiri, koma kuwala pakokha sikokwanira. Ma quasar ali kutali kwambiri moti saoneka kusuntha, nchifukwa chake timawadalira, vuto ndi loti ena amalavula jet, mtsinje wa tizinthu tothamanga kwambiri, ndipo timibulu towala timayenda mu jet imeneyo zaka zikamapita, ndiye pakati pa kuwalako pamasuntha ngakhale quasar mwini wakeyo ali phee. 3C 273 ndi yowala zedi koma ine sindingakulimbikitseni kuti mumangirepo muyeso wanu. Funani looneka ngati kadontho kamodzi. Tsegulani ICRF3, mndandanda wa malo a magwero a wailesi womwe IAU, bungwe la akatswiri a zakuthambo padziko lonse, inavomereza mu 2018 ku Vienna, muli magwero 4,536 ndipo 303 mwa amenewo ndi omwe anasankhidwa kuti akhale nsanamira za mndandanda wonsewo. Ikani angapo a 303 amenewa mu pulogalamu yanu yolozera madishi.

Muzimvera pa ma frequency awiri nthawi imodzi, kawirikawiri 2.3 GHz ndi 8.4 GHz. Ionosphere, gawo la mpweya wam'mwamba kwambiri lomwe lili ndi mphamvu ya magetsi, imachedwetsa kwambiri mafunde a frequency yotsika kuposa a frequency yokwera, ndipo imatero motsata lamulo lodziwika bwino, ndiye mukakhala ndi onse awiri mumangowerengera nkuichotsa. Imeneyi siivuta.

Wovuta ndi mpweya wa pansi pano. Gawo louma limawonjezera pafupifupi mamita 2.3 pa ulendo wa mafunde dishi ikaloza pamutu penipeni, koma limenelo mumalipeza mukangopima pressure pa siteshoni. Nthunzi ya madzi ndiye mutu weniweni, lero masentimita ochepa mawa makumi angapo, ndipo imasintha ola ndi ola, siteshoni iliyonse ndi yakeyake. Palibe njira yachidule, muyenera kuipima kuchokera mu data yomweyo, ndipo kuti zimenezo zitheke pulogalamu yanu isamakhalitse malo amodzi. Dishi iloze pamwamba, pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri itembenuke iloze mmunsi chakufupi ndi mapiri komwe mafunde amadutsa mu mpweya wambiri, kenako kumpoto, kenako kummwera, choncho usana ndi usiku. Mukangoloza pamwamba pokhapokha kompyuta siitha kusiyanitsa kuti uku ndi kulakwa kwa wotchi, uku ndi nthunzi, uku ndi kutalika kwa siteshoni kupita m'mwamba, zonse zimaoneka chimodzimodzi. Nchifukwa chakenso ma session ambiri a IVS, mgwirizano wa mayiko wa ntchito ya VLBI, amatenga maola 24, kuti dziko lizungulire kamodzi ndipo gwero lililonse muliwone kuchokera mbali zosiyanasiyana.

Siteshoni iliyonse imakhala ndi wotchi yake ya atomu yotchedwa hydrogen maser ndipo imajambula data pa ma disk ndi chidindo cha nthawi. Zonse zimatumizidwa ku correlator, kompyuta yofananitsa data ya madishi, monga ya ku Bonn kapena ku Socorro, komwe amasuntha data ya dishi imodzi pang'onopang'ono mpaka igwirizane ndi ya inzake. Zikagwirizana mumaona pa sikirini kansonga kamodzi katayima njo pakati pa phokoso lathyathyathya, ameneyo ndiye fringe, ndipo pomwe kayimapo ndi kuchedwa komwe mumafuna kuja. Kansongako kakakhala kofooka kosasiyana ndi phokoso musakakamize, itayeni scan imeneyo, ndiye kuti data ya kuloza kamodziko.

Tsopano kuchotsa zina zonse zomwe si quasar. Ma pulogalamu a kompyuta ngati Calc/Solve kapena VieVS amathandiza, koma muzidziwa zomwe akuchita. Nthaka pansi pa dishi imakwera ndi kutsika masentimita makumi angapo tsiku lililonse chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa, makontinenti akuyenda masentimita angapo pa chaka, kuzungulira kwa dziko nakonso sikofanana tsiku ndi tsiku. Dzuwa limapinda mafunde ndi ma milliarcsecond 4 (tizigawo tating'onoting'ono ta digiri) ngakhale gwero lili madigiri 90 kutali nalo. Mukaiwala chimodzi mwa izi chimakabisala mu malo a quasar wanu inu osadziwa. Ndipo ngati gwero lili kummwera yesetsani kupeza madishi a kummwera ngati HartRAO ku South Africa kapena Hobart ku Australia, poti madishi ambiri ali kumpoto ndipo declination ya magwero a kummwera, ndiye kuti malo awo kumpoto kapena kummwera kumwambako, imatuluka yofooka.

Ngati cholinga chanu nkungopima kanthu kofooka komwe sikaoneka pakokha, sankhani calibrator, gwero lomwe malo ake amadziwika kale bwino, yapafupi madigiri awiri kapena kuchepera, nkumasinthasintha pakati pa ziwirizo mphindi zingapo zilizonse kuti zonse zidutse mu mpweya wofanana. Koma calibrator ikalakwika ndi milliarcsecond imodzi, kanthu kanuko kalakwikanso chimodzimodzi, ndiye mukamalemba zotsatira lembani dzina la calibrator, malo omwe munagwiritsa ntchito ndi mndandanda womwe munawatengamo.