Mwagula galimoto yakale? Yambani mwasuzumira mu injini

Abale amene mwangogula galimoto zochokera ku Japan kuno ku Harare, injini ikazizira tsegulani chivindikiro chothirira oyilo, muunikemo ndi tochi ya foni. Mukaona zakuda zomata ngati phula, dziwani kuti mwini wake woyamba ankachedwa kusintha oyilo.

Chonde musathamangire mankhwala otsukira injini aja amati flush. Zoipazo zikachuluka, mankhwalawa amazigumula nthawi imodzi, zidutswa n'kukatseka kasefa kokokera oyilo m'sampu, beseni la pansi pa injini losungira oyilo. Oyilo akasiya kuzungulira, injini imafa m'kanthawi kochepa, ndipo kuikonza n'kodula zedi.

Uzani makaniko achotse sampu, atsuke kasefako ndi manja, aonenso PCV valve, kavalavu kotulutsa mpweya wotsalira mu injini. Thirani oyilo amene buku la galimotoyo likunena, wa m'chigubu chomata, osati wopungulira m'mabotolo, muikenso fyuluta yatsopano. Pa makilomita 1,000 aliwonse sinthaninso, kawiri kapena katatu, kuti zotsalira zichoke pang'onopang'ono.

Zimene mwaona pothirira oyilo paja zikakhala zoyererako ngati tiyi wamkaka, mwina madzi akulowa mu oyilo, makaniko ayeze gasket yotseka pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake. Ndipo nyali yofiira ya oyilo ikayaka, ngakhale muli pamdipiti wa Seke Road, patukani muzimitse injini pomwepo.