Momwe mungaonere Zomba tsiku limodzi kuchokera ku Salima

Ife a m'mbali mwa nyanja tinazolowera malo osalala ndi kutentha, ndiye choyamba ikani juzi m'chikwama, makamaka ngati ndi mu June kapena July. Musanyengedwe ndi dzuwa la ku Senga Bay.

Nyamukani m'mamawa kudzera msewu wa M5, mudutse Chipoka ndi Mtakataka mpaka Balaka, muwoloke Shire pa Liwonde, kenako mukwere zitunda za Machinga. Mukadutsa Domasi, phiri lalikulu lomwe lili kudzanja lamanja ndiye Zomba ameneyo.

Musathamangire kuphiri. Yambani ndi nyumba zakale za m'munsi, mukadali ndi mphamvu, ndipo yendani wapansi. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975 pomwe likululo linasamukira ku Lilongwe, koma aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Pitani ku Masongola, nyumba yomwe John Buchanan anamangira nthumwi ya boma la Britain cha m'ma 1886. Dzinalo likuchokera ku nsanja zake zosongoka. Kenako onani nyumba yakale ya malamulo ndi munda wa mitengo womwe uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Yang'anitsitsani mamangidwe: njerwa zootcha, denga lamalata lotsetsereka kwambiri chifukwa cha mvula ya m'phiri, makonde aatali, komanso machumuni. Munthu wa ku Chipoka amadabwa kuti moto wa m'nyumba ngwachiyani, koma kukada amamvetsa.

Mukamadutsa pa State House kapena pa Cobbe Barracks, foni ikhale m'thumba. Chipilala chokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) chili m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, chimenecho chioneni momasuka.

Dzuwa likafika pamutu, gwirizanani mtengo ndi wa takisi kapena njinga yamoto musanakwere. Msewu wa ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri, ngwokhotakhota, ndipo m'njira anyamata amagulitsa sitiroberi ndi magalagadeya. Nenererani monga mumachitira pogula usipa. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzindawu, ndipo nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Ngati nthawi yachepa, sankhani Emperor's View, pomwe Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, anaima mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Chingwe's Hole, dzenje lakuya la paphiripo, ndi kutali, pamafunika wokulondolerani, ndipo mukayesa tsiku lomwelo mudzagona pa Balaka.