Momwe mungapangire kolona yanu ya mikanda muli pakhomo

Okutobala akamayandikira, makolona amavuta kupeza ndipo ogulitsa amakweza mtengo chifukwa akudziwa kuti mwezi wa kolona wafika. Ine ndinayamba kudzipangira ndekha kolona itandidukira kachitatu, zija za tcheni chopyapyala zomwe sizichedwa kuchita dzimbiri ndi chinyontho cha kuno ku Zomba. Ntchito yake si yaikulu. Madzulo amodzi akukwanirani, bola mudziwe kumanga mfundo.

Choyamba werengani mikanda. Kolona ili ndi mikanda 59: ing'onoing'ono 53 ya Tikuoneni Maria ndi ikuluikulu 6 ya Atate Athu. Ena amaganiza kuti chiwerengerochi chinasintha pomwe Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawonjezera misteri za kuwala mu 2002. Ayi, mikanda ndi yomweyo, makumi asanu. Zomwe zinawonjezeka ndi zosinkhasinkha basi. Abale athu a Anglican ali ndi yawo ya mikanda 33, yamagulu anayi a mikanda isanu ndi iwiri kuphatikiza ina isanu yapadera, ndipo mamangidwe amene ndikufotokoza pano akugwiranso ntchito kwa iwo.

Ine ndimakonda mikanda ya mamilimita 8 pa ing'onoing'ono ndi 10 pa ikuluikulu, chifukwa agogo amene maso anayamba kuvuta amaisiyanitsa ndi zala zokha. Mumsika waukulu wa Zomba imapezeka kwa ogulitsa zosokera. Gulani chingwe chonse cha mikanda, osati yowerenga umodziumodzi, mudzalira. Wina akuuzani kuti ku Limbe njotchipa, n'zoona, koma mukaphatikiza ya minibasi kupita ndi kubwera phindu lonse latha, pokhapokha ngati mukupangira mphakati wonse. Ndipo musanapereke ndalama, nyowetsani kansalu ndi kupukuta mkanda umodzi. Pali mnyamata wina anandigulitsa mikanda yomwe ankalumbira kuti ndi yamtengo wa mlombwa, kumachita kundinunkhitsa. Inali pulasitiki yopaka utoto. Titamaliza kupemphera manja anga anali ngati ndakanda dothi lakatondo.

Chenjezo lina: njere zija zofiira zokhala ndi kadontho kakuda, zomera ku kamtengo koyanga, zimaoneka zokongola ndipo kumaiko ena amapangira makolona, koma zili ndi poizoni woopsa. Kuziboola n'kudziputira ngozi, ndiye pakhomo pali ana oika chilichonse m'kamwa. Zisiyeni.

Zina zofunika ndi mtanda wokhala ndi kabowo, mendulo ya pakati ngati mwaipeza, lezala, kandulo, ndi chingwe. Dulani chingwe chotalika mita imodzi ndi theka, ngakhale kuposerapo pang'ono ngati ndi koyamba, chifukwa mfundo zimadya chingwe. Wotchani nsonga pa kandulo n'kuipotokola ndi zala zonyowa kuti isongoke ngati singano. Tsopano tungani mikanda khumi.

Apa ndiye pomwe ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa ndi pomwe ndinachitira manyazi.

Kolona yanga yoyamba ndinapangira apongozi anga aakazi. Pofuna kuti ikhale yolimba ndinagwiritsa ntchito chingwe cha mbedza, chija choyera choterera, ndikuganiza kuti chomwe chimakoka mlamba ku Chilwa sichingagonje ndi zala za mayi wokalamba. Ndinamanga mfundo wamba, zomwe timamangira thumba la ufa. Anailandira ndi manja awiri, n'kupita nayo ku mphakati ku Matawale. Ali pa khumi lachitatu, mfundo inasomphoka, mikanda yonse mbwee pasimenti. Ana anayamba kuithamangitsa pansi pa mipando, wotsogolera pemphero n'kulephera kupitiriza ndi kuseka. Madzulo ake anangondipatsira mikandayo m'kambale, amvekere, “Mwayesetsa ndithu, bambo, koma mwina mufunse kwa anzanu a Lejiyo.”

Ndinakafunsadi kwa a Lejiyo ya Maria, gulu la mapemphero la ku tchalitchi. Zolakwika zinali ziwiri. Chingwe cha mbedza sichiduka, koma sichigwira mfundo. Chofunika ndi twaini wa nayiloni wolukana, uja asodzi amasokera maukonde kapena wosokera nsapato, wonenepa moti angodutsa pabowo la mkanda movutikira pang'ono. Akakhala wowonda kwambiri, mfundo imalowa m'kati mwa mkanda n'kutulukira mbali ina, ndiye makumi anu onse amasakanikirana. Chifukwa chake pitani ndi mkanda umodzi m'thumba pokagula twaini, mukayese pomwepo.

Cholakwika chachiwiri chinali mfundo yeniyeniyo. Ya kolona ndi yokulunga, yooneka ngati kambiya. Mayi amene anandiphunzitsa anatulutsa kachitsulo ka ambulera yakutha, kaja kali ndi ngalande pakati, kodula kutalika ngati chala. Mumagoneka kachitsuloko motsatira twaini pafupi ndi mkanda womaliza, ngalande itayang'ana kumwamba. Kenako mumatenga twaini wotsalayo n'kukulunga katatu kuzungulira kachitsulo ndi twaini yemwe pamodzi, mukubwerera cha kumikanda, mizere itagundana bwinobwino osakwerana. Mukatero lowetsani nsonga m'ngalandemo kuti idutse pansi pa mizere itatu ija n'kutulukira kutsogolo. Gwirani mizereyo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, solani kachitsulo pang'onopang'ono.

Musakoke msanga. Mfundo imeneyi ikangomangika siyendanso, ndipo kuimasula ndi singano kumatha theka la ola. Isunthireni kaye pamalo pomwe mukuifuna idakali yolobodoka, ndiye muzikoka mbali iyi pang'ono, mbali iyo pang'ono, mizere idakali pakati pa zala zanu. Mukaona mzere umodzi wakwera pa unzake, masulani pomwepo muyambirenso. Ine ndinayeserera ka 20 pa kachingwe kapadera ndisanakhudze mikanda, ndipo zisanu zoyamba zinkaoneka ngati nthata.

Komanso musapanikize mikanda khumiyo. Siyani mpata wokwana mkanda umodzi kuti chala chizitha kukankha umene mwamaliza kupempherera. Kolona yothinana imauma ngati ndodo, siipindika m'thumba, ndipo munthu amasokonezeka kuti wafika pati. Ine ndimayeza mpatawo ndi chikhadabo cha chala chachikulu kuti makumi onse afanane.

Mukadziwa mfundoyi, zotsalazo ndi kubwereza chabe. Khumi, mfundo, mkanda waukulu, mfundo, khumi lina, mpaka makumi asanu ndi mikanda ikuluikulu inayi pakati pake. Mkanda waukulu wokha ndiwo muupanikize ndi mfundo mbali zonse, kenako kampata pang'ono musanayambe khumi lotsatira.

Polumikiza, ngati muli ndi mendulo mangirirani nsonga ziwirizo m'mabowo ake apamwamba, ndipo kachingwe kena kubowo lapansi. Ngati mulibe, gwirizanitsani nsonga ziwirizo, mukulunge mfundo yomweyo ndi nsonga imodzi pamwamba pa zonse ziwiri, kanayi m'malo mwa katatu, mudule yaifupiyo n'kuiwotcha. Samalani moto usanyambite mfundo.

Kumchira ndi mkanda waukulu, itatu yaing'ono, waukulu wina, kenako mtanda, mfundo pakati monga kale. Wotchani nsonga yomaliza, kanikizani ndi msana wa lezala. Ikokeni mwamphamvu ndi manja awiri musanapatse munthu.

Lamulungu pitani nayo kwa bambo mfumu akaidalitse Misa ikatha. Ngati mukupanga zogulitsa, gulitsani zisanadalitsidwe, wogulayo akadalitsitse yekha.